Laputopu Imene Inakalambira M'sutikesi

Masiku ano munthu akandiuza kuti "chisungeni bwino", ndimamuyang'ana ndi diso lofiira. Ndinasunga ine. Ndinasunga kuposa wina aliyense mu Mayfair muno, kuno ku Joni, ndipo chimene ndinapindula n'chakuti mwana wanga anatha sabata yathunthu akundiyankha ndi mutu wokha. Nkhaniyi ndimafuna ndife nayo, koma poti amayi a kutchalitchi kwathu ayamba kuithira mchere, bola muimve kwa mwini wake. (Ndineneretu kuti wolakwa si ine ndekha. Alipo ena kutsidya kwa nyanja amene mpaka lero sanapepese.)

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Rosebank, kwa madamu mmodzi yemweyo, ndipo chaka chino n'cha khumi ndi chimodzi. Pogona ndi ku Mayfair, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni. Mwana ndili naye mmodzi, Tamanda. Ndinamusiya kwa achemwali anga ku Balaka ali Sitandade 4, ndipo pa zaka zonsezi ndamuona kanayi. Wakulira pa foni mwana ameneyu. Chimene ndinkalakalaka chinali chimodzi basi: adzaphunzire kuno ku Joni, tizidzuka m'chipinda chimodzi, ndizimukalipira pamaso ngati mmene amachitira amayi ena.

Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo madamu anagula laputopu yatsopano, n'kundiitana ndikupukuta mawindo.

"Yakaleyi uifuna? Ikugwirabe ntchito bwinobwino."

Kufunsa kwake! Ndinagwada pansi n'kulandira ndi manja awiri. (Madamu sakonda kugwadiridwa, amati ndimawachititsa manyazi, koma tsiku limenelo anangopirira.) Mu tekisi ndinaikumbatira njira yonse, ndipo mumtima ndinali nditaipatsa kale mwini: ya Tamanda, ya ku koleji.

Tsono inu amene munakulira kwathu mukudziwa mmene timasungira zinthu. Mbale zagalasi zimakhala m'kabati kudikira alendo amene sabwera. Njinga yatsopano timaikwera makatoni ali pomwepo. Tinaleredwa kuti chinthu chimatha ndi kugwiritsa ntchito: nsapato imatha ndi kuyenda, chitenje ndi kuchapa. Osachigwira, chimakhala chatsopano mpaka kalekale. Palibe anandiuzapo kuti padziko pano pali katundu wina amene amakalamba ali chigonere.

Ndiye ndinaikulunga m'thawulo, thawulolo m'chitenje, chitenjecho m'pulasitiki, n'kuiika m'sutikesi yanga yaikulu ya pansi pa bedi, pamodzi ndi timibulu toyera tothamangitsa njenjete. Pakatha miyezi ingapo ndinkaitulutsa, kuipukuta, kuiyang'ana, n'kuibwezera. Kuyatsa ayi. Mlembi wa kutchalitchi anandipempha kawiri kuti alemberepo makalata, ndinamuuza kuti sindibwereketsa tsogolo la mwana wanga. Achemwali anati nditumize kumudzi, ndinakana, poti ndinkadziwa kuti asuweni ake aoneramo mafilimu mpaka ifuke utsi.

Tamanda anakhoza Folomu 4 bwino, koma malo ku makoleji a kwathu sanapezeke, ndipo anakhala zaka ziwiri akungothandiza kudimba. Chaka chatha anandiimbira foni. Anali atapeza koleji kuno ku Joni yophunzitsa kusamalira odwala ndi okalamba. Poyamba umalemba mayeso pa intaneti, ukakhoza amakuitana kudzacheza nawe pamaso, kenako amakupatsa kalata yopezera chilolezo chophunzira. Iye anati akalembera mu kafe ya intaneti pa Balaka.

"Mu kafe?" ndinatero. "Magetsi akazima pakati pa mayeso uzikalira ndi ndani? Kwera basi ubwere. Kompyuta ilipo kuno, yako yeniyeni."

Mwaona? Ndinamuitana ndekha.

Anafika Lamlungu, mayeso anali Loweruka lotsatira, teni koloko m'mawa. Kalata imene anamutumizira inali yosapsatira mawu. Foni saloleza, pafunika kompyuta ya kamera, ndipo ikakwana kotala pasiti teni amatseka, wochedwa wadziphonyetsa yekha. Masiku amene anamudindira pa pasipoti nawonso anali owerengeka.

Lolemba madzulo ndinakoka sutikesi. Ndinavundukula pulasitiki, chitenje, thawulo, pang'onopang'ono, poti mphindi imeneyi ndinaidikira zaka zisanu ndi ziwiri. Inatuluka ikunyezimira, yopanda ndi kachipsera komwe.

Tamanda anainyamula n'kuiyeza m'manja. "Koma ndiye yolemeratu, amayi."

"Katundu weniweni amalemera."

"Tiyatse tione."

"Uone chiyani? Ukufuna ifike Loweruka itatopa?"

Lachitatu anayambiranso. "Amayi, kalatayi ikuti tiyeseretu kompyuta tsiku lisanafike."

"Akunena makompyuta a m'makafe, ogwiragwira aliyense ndi manja a mafuta. Iyi ndi ya ku Rosebank."

Ndipo poti ana a masiku ano samva, chaja ndinayamba kupita nacho kuntchito m'chikwama changa. (Inde, mwawerenga bwino. Masiku atatu ndinayenda nacho chaja mu tekisi, ngati munthu wosunga makiyi a nkhokwe.) Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, koma ine nthawi imeneyo ndinkadziona ngati mayi wochenjera kwambiri mu Joni.

Loweruka linacha bwino. Magetsi analipo, moti sindingawanamizire. Ndinayala nsalu yoyera patebulo, ndinagula data yokwanira, tinapemphera. Itakwana hafu pasiti naini ndinatulutsa chaja n'kumupatsa mwana. Analumikiza, anadina batani. Kwa kanthawi kunali zii. Kenako m'katimo munayamba kulira ngati chigayo cha dizilo, sikirini inawala, n'kuimba kanyimbo kake.

"Waona?" ndinatero. "Ukanaiyatsa Lolemba bwenzi ikuimba chonchi?"

Tamanda anailumikiza ku data ya pa foni n'kutsegula kapulogalamu kolowera pa intaneti, kamene amati bulawuza. Choyamba chinatuluka ndi chenjezo lakuti wotchi ya kompyutayi ili m'mbuyo. Inkaganiza kuti tikadali chaka china chakalekale, Tamanda asanayambe ndi sekondale yomwe. Anakonza tsiku, ine ndikumuuza kuti ndi tulo chabe, aliyense akadzuka amasokonezeka. Apa n'kuti ili kotala tu teni.

Atalowa pa tsamba la kolejiyo, panabwera uthenga wina wa zilembo zofiira. Ndinasuzumira pa phewa la mwana wanga.

"Akuti chiyani?"

"Akuti bulawuza iyi ndi yakale, sakuilandiranso. Tiike yatsopano."

"Ika nanga."

Anayesa. Kumene amatenga yatsopanoko anamuyankha kuti siingalowe, chifukwa sisitimu yoyendetsa kompyuta yonseyi eni ake anasiya kuisamalira. Anayesa bulawuza ya mtundu wina, yankho lomwelo. Anayesa yachitatu, tsamba lake silinatseguke n'komwe.

"Auze kuti ndi yatsopano," ndinatero. "Auze kuti yakhala m'sutikesi, sinagwirepo ntchito."

"Amayi, ndiuze ndani?"

"Amene akulemba zamwanozo!"

Anandiyang'ana, ndipo m'maso mwake munali mawu amene mwana woleredwa bwino sanena. Anadzuka n'kuthamangira ku nyumba yaikulu kukaona ngati eni nyumba angamubwereke kompyuta yawo. Teni koloko inali itatsala ndi mphindi zisanu.

Ndinatsala ndekha ndi chigayo chija. Ndipo pamenepo m'pamene ndinaona, pakona pa sikirini, batani lalikulu lobiriwira likuphethiraphethira. Zaka khumi ndi chimodzi ku Rosebank Chingerezi ndachitola, ndiye ndinawerenga ndekha: konzani kompyuta yanu pompano, ulere. Ndinati mwana uyu ndi mantha ake wadumpha chinthu choonekeratu. Laputopuyi ndinkaidziwa ndi kansalu kopukutira kokha, koma ndinali nditaonerera mmene Tamanda amatsetserezera chala, ndiye ndinatsetsereza n'kudina. Inandifunsa mafunso atatu a inde kapena ayi. Onse ndinayankha inde, monga ndimachitira madamu akamayankhula mothamanga.

Abale anga, mvula ikakuona litsiro sikata. Panatseguka kazenera ka juga ya mpira. Pamwamba pake kena ka mankhwala opatsa amuna mphamvu. Kenako atsikana, ovala zimene kwathu sitingapukutire ndi mbale zomwe, akuti ali okhaokha ndipo ali pafupi, mu Mayfair momwemuno. Ndikatseka kamodzi, pamatseguka titatu. Mwadzidzidzi mawu a mzimayi wachizungu anayamba kukuwa m'kati mwa makinamo kuti kompyuta yanga yagwidwa ndi vayirasi, ndiimbe nambala ina msangamsanga. Ndinasowa chochita, ndinangovula chitenje n'kufunditsa.

Tamanda anabwera wefuwefu. Eni nyumba anali atapita ku ukwati, zitseko zokhoma. Anaima pakhomo akumvetsera chitenje chikukuwa Chingerezi.

"Amayi, mwatani?"

"Ndimakonza."

Anavundukula, anaona, n'kuzula chaja pakhoma. Batire inali itafa kalekale, ndiye zonse zinazima nthawi yomweyo.

"Pafupi pano pali kompyuta kwa ndani?"

Ndinakumbukira che Saidi, bambo wa ku Mangochi amene amakonza mafoni m'kashopu kake misewu itatu kuchokera kwathu. Inali faifi pasiti teni, ndipo wothamanga amafikako m'mphindi zisanu ndi zitatu. Tamanda njira sankaidziwa, ndiye ankafunika ine. Anali atafika kale pageti, ine ndikadali m'nyumba.

Apa ndiye pamene pamandivuta kufotokoza. Kunja kunali mphepo ya Ogasiti, ya fumbi ija. Ine ndinkafuna che Saidi akaione laputopuyo, akachotsemo atsikana aja. Ndiye ndinayamba kuikulunga. Thawulo. Chitenje. Pulasitiki inali itagwera kuseri kwa bedi, ndinagwada kuifunafuna.

"Amayi, isiyeni! Tiyeni!"

"Ukufuna fumbi lilowe m'mabatani?"

Kukulunga kuja kunatenga mphindi zisanu. Ndaziwerengera kambirimbiri mphindi zimenezo, sizichepa.

Tinathamanga, iye patsogolo ine pambuyo ndikukuwa "kumanzere! kumanja!", katundu ali pachifuwa. Tinalowa mu shopu ya che Saidi thukuta lili kamukamu. Tamanda anafotokoza m'mawu asanu, ndipo bamboyo, Mulungu amudalitse, sanafunse zambiri. Anamulozera kompyuta yake ya kuseri kwa kauntala n'kumulumikizira kamera. Wotchi ya pakhoma sindinafune kuiyang'ana.

Ine ndinayala katundu wanga pa kauntala n'kuvundukula. "Che Saidi, taonani chimene chalowa m'makina anga atsopano."

Analumikiza n'kuyatsa. M'shopumo munali bambo wina wachikulire wa mkanjo woyera ndi ndevu zake, akudikira foni. Chigayo chinalira, kanyimbo kanaimba, ndipo atsikana aja anatulukiranso onse, atabwera ndi anzawo.

"Astaghfirullah!" anatero che Saidi, n'kutseka chivundikiro kuti phwa. Bambo wa mkanjo uja anandiyang'ana kuyambira duku mpaka nsapato, n'kutuluka osatenga foni yake.

"Si zanga zimenezo," ndinatero. "Zabwera zokha."

"Ndikudziwa, mayi. Eish, mara mwaitenga kuti gogo ameneyu?"

"Gogo ndani? Taiyang'anani bwino. Mukuonapo chipsera?"

"Thupi ndi la mtsikana, sindikukana. Mutu ndiye wapita. Tamverani. Amene anapanga sisitimu iyi, kale ankaitumizira zigamba pa intaneti. Akuba akaboola apa, iwo amamata. Akaboola apo, amamata. Ndiye tsiku linafika anati basi, iyi tatopa nayo, gulani ina. Opanga mabulawuza anapirira nayo pang'ono, kenako nawonso anaisiya. Pano mawebusayiti aulemu amaikana, otsala oilandira ndi matsotsi okhaokha. Ndi nyumba yopanda loko m'tauni muno, aliyense amangolowa."

"Anasiya? Analengeza kuti? Anauza ndani?"

"Uthenga unkabwera pa sikirini miyezi yambirimbiri."

"Ine sindinauonepo."

"Mumayatsa kangati pa sabata?"

Ndinayamba kupinda thawulo langa.

Koma tiyeni tinene zoona, inu owerenga, nanunso muweruze. Makina osokera amene amayi anga anasiya akusokabe mpaka lero, ndipo palibe mzungu anabwerapo kudzati kuyambira mawa singano sizilowanso. Simbi yamakala ya kwa achemwali yasita mayunifomu a mibadwo itatu. Nanga awa ndi anthu otani, opanga chinthu, n'kuchigulitsa, kenako n'kukhala pa msonkhano kwawoko kugwirizana tsiku loti chife? Chili bwinobwino, chikuyaka, chikuimba, iwo akuti chafa. Kwathu ngakhale munthu wosauka chotani akamwalira uthenga umayenda khomo ndi khomo. Awa maliro awo amalengezera m'kati mwa malemuwo, ndiye amene sitivundukula bokosi tingamve bwanji? Zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero, ndipo sindinakhululuke.

Ndinali ndikuwauza che Saidi zonsezi, mawu ali pamwamba, pamene ndinaona kuti asiya kundimvetsera. Ankayang'ana kumbuyo kwanga. Tamanda anali ataimirira, manja ali lende.

"Atseka," anatero. "Ndalowa naintini pasiti."

Mphindi zinayi. Sanalire, sanakuwe. Anathokoza che Saidi mwaulemu, n'kutuluka. Ine ndinatsatira pambuyo ndi mtolo wanga, ndipo ulendo uno pulasitiki ndinaiiwala pa kauntala.

Lolemba ndinalowa kuntchito nkhope ili gwa, ndikufuna wina woti ndimusenzetse mlandu. Madamu anamvetsera mpaka kumapeto, dzanja lili pakamwa.

"Laputopu ija? Ikadalipo? Shemu! Ndimayesa unaigwiritsa ntchito mpaka inatha. Pamene ndinkakupatsa inali kale ndi zaka zinayi. Nanga bwanji sunanene? Tamanda akanabwera kudzalembera pa yanga pano, Loweruka ndinali pakhomo tsiku lonse."

Ndinakakolopa kubafa, ngakhale kunali kokolopa kale. Ndikanawauza chiyani? Kuti ndinkafuna mwana wanga alembe mayeso pa kompyuta yake, yochokera m'manja mwa mayi ake, osati yopemphetsa? Madamu anailembera kolejiyo kupepesa m'malo mwathu. Anayankha mwaulemu kuti mayeso ena adzakhalako pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Masiku a pa pasipoti ya Tamanda anali atatsala khumi.

Sabata imeneyo m'kachipinda kathu munali chete wa pamaliro. Ndikafunsa ngati wadya, mutu. Ndikafunsa ngati wagona bwino, mutu. Ndinayesa kumufotokozera za anthu oipa a kutsidya kwa nyanja aja, anangotembenukira kukhoma.

Tsiku loti mawa anyamuka, tinapeza kuti chikwama chimene anabwera nacho chinang'ambika zipi m'basi. Ndinati atenge sutikesi yanga. Anaikoka yekha n'kuyamba kutulutsa za m'katimo, ine ndili kuntchito m'maganizo, osakumbukira zimene zinali pansi pake. Munatuluka diresi ya pinki ya maleyisi, kapepala ka mtengo kali pomwepo. Munatuluka chikwama cha sukulu cha zithunzi za tiana. Munatuluka kawotchi ka pamkono, koima. Pomaliza munatuluka bokosi la nsapato zakuda za sukulu, zonyezimira, mapepala akadali m'kati.

Anatenga imodzi n'kuiika pambali pa phazi lake. Inalekeza pakati.

"Izi zinali za ndani?" Anali mawu ake oyamba sabata yonseyo.

"Zako."

"Mayeso a Sitandade 8 ndinalemba nditavala patapata, amayi."

"Zinali zazikulu pang'ono nthawi imeneyo. Ndimadikira ukule, komanso njira ya kusukulu kwanu ija ndi ya miyala, zikanatha teremu imodzi."

Anayamba kuseka. Anaseka atagwira nsapatoyo mpaka anakhala pansi, ndipo sindinadziwe pamene kuseka kunathera n'kuyamba zinazo. Ine manyazi anandigwira kuposa a m'shopu ya che Saidi aja. Ndinaona kuti zaka zonsezi ndakhala ndikugulira mwana amene ndinamusiya pa depoti ya Balaka, pamene weniweniyo ankakula osandidikira.

M'mawa mwake ku Park Station kunali piringupiringu wa masiku onse, mabelo, mafiriji, anthu akukangana ndi kondakitala za katundu. Tamanda anapeza mpando wa pawindo. Ndinaima pansi pake.

"Mayeso enawo ndikalembera ku Balaka," anatero. "Musavutike kundiitana. Ndikakhoza ndibwera."

"Chabwino."

"Koma amayi, mukandigulira chinthu, muzindipatsa ndikadali saizi yake."

Ndinavomera ndi mutu. Injini inalira. Ndipo pamenepo dzanja langa linakhudza kanthu m'chikwama: juzi ya buluu imene ndinagula mwezi wathawo, yoti adzavale tsiku loyamba ku koleji. Ndinaiiwala dala kuitchula. Mutu unayamba kale kundiuza kuti miyezi isanu ndi umodzi si yambiri, ikhoza kudikira. Basi inayamba kuyenda. Ndinathamanga m'mbali mwake, mayi wamkulu ine, duku likugwa, n'kuikankhira pawindo ili m'pulasitiki mwake. Anaiwakha.

Ndikanakhala munthu wophunzira msanga, ndikanangobayibitsa. Koma pakamwa panatseguka pokha.

"Usaivale m'basimo, ingade!"

Onse a mawindo a mbali imeneyo anafa nacho chiseko. Tamanda anang'amba pulasitiki ine ndikuona, anadula kapepala ka mtengo ndi mano, n'kuivala pomwepo, ngakhale m'basimo munali motentha. Inamukwana bwinobwino. Sindinama, zinandipweteka ndithu kuona juzi yatsopano ikupita kukakhala masiku awiri pa mpando wa basi.